A Halima Awiri M'kompyuta ya Ruksana

Lemba dzina lake lonse, Vimbai, usadule: Ruksana Ayub Rashidi, mdzukulu wanga. Kuitana ndi dzina limodzi ndi kumene kunatsala pang'ono kutigoneka pamsewu wa ku Mutare.

Mwanayu anabadwira pakomboni pano, m'nyumba ino. Ali ndi zaka zitatu, bambo ake, Ayub wanga, dzenje linamugwera kokumba miyala ku Mutorashanga. Amake anakakwatiwanso, mwana n'kundisiyira ngati katundu woiwalika m'kombi. Ndinamulera ndi manja osankha zitheba awa. Kusamva kwake! Wailesi ya agogo ake aamuna anaiphwasula kawiri, kachitatu inayamba kulankhula bwino kuposa kale, ndiye tinasiya kumukalipira. Anakaphunzira zamakompyuta ku Chinhoyi, anabwera ndi pepala, n'kukhala zaka ziwiri akuchita maganyu m'shedi. Pepala lili m'sutikesi, mphemvu zikuwerenga.

Papurazi pano, pafamu ya zitheba ino, lamulo ndi limodzi: nyumba ndi ya munthu wolembedwa basa, ntchito yokhazikika. Waganyu sawerengedwa. Amuna anga a Rashidi anayendetsa thirakitala mpaka imvi, chaka chatha anatisiya. Ine maso anatha, chitheba chowola sindichionanso. Ndiye a Clemence, amanijala, anati tipereke nyumba. Tipite kuti? Amati kwathu ndi ku Mangochi. Ine ku Mangochi ndinachoka ndili kumsana, ngakhale galu wakumeneko sangandigwedezere mchira. Anthu anga onse agona kuseri kwa mabulugamu uko.

Mwayi unabwera Laxon, wamakompyuta wapano, atathawira ku Joni. Ogula zitheba ankafuna aziona pafoni kuzizira kwa chipinda chosungira zitheba, ali kwawo komweko. Zimenezo zimafuna pulogalamu yotchedwa seva, iikidwe m'kompyuta yakale ya ku shedi. A Clemence anamuuza Ruksana kuti, “Ikayenda pofika Lachisanu masana, basa ndi lako, nyumba mukhala. Ikakana, ndiitana munthu wa ku Harare.”

Lolemba Ruksana anapita atavala mpango wa pa Idi. Lachiwiri sanabwere kudzadya, ndiye ndinamutengera mbatata ku shedi. Ndinamupeza atatong'olera galasi lakuda. Tizilembo toyera tikuthamanga ngati linthumbu, kenako njo! Taima.

“Chavuta n'chiyani? Si zomwe unaphunzira izi?”

“Gogo, seva imeneyi sibwera yomangamanga. Ndiyenera kuimanga muno, amati kukompaila. Pomanga imabwereka zidutswa zopangidwa kale, zotchedwa laibulale.”

“Ya mabuku?”

“Dzina chabe. Ndiye muno muli malaibulale awiri a dzina limodzi. Yakale inabwera ndi makina, yatsopano anaika a Laxon pambali osauza munthu. Chomangira chikaitana dzina, pepala lonena ntchito chikutenga la yatsopano, koma yobwera kudzagwira ntchitoyo ndi yakale. Chikaifunsa zimene pepala lalonjeza, sikuzidziwa. Basi, zonse zimaima.”

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati, “Iwe, ukwati wanga umenewo!”

Pakomboni pano tinalipo a Halima awiri, ine ndi Halima wamtali, telala. A Rashidi nthawi imeneyo anali kumgodi, analembera amalume awo a Sixpence kuti akawafunsire Halima. A Sixpence anafunsa mbiri pachitsime, anamva kuti Halima amasoka, n'kuyankha kalata kuti mkazi ndi telala. Koma pogogoda anagogoda khomo loyamba pamzere, lathu. Mkamwini anatulukira atasenza makina osokera, n'kupeza ine, munthu wosatha kulowetsa ulusi pasingano. A Rashidi analira chaka chathunthu.

Ruksana sanaseke. “Ndiye zinatha bwanji?”

“Wamtaliyo anasamukira ku Marondera, m'nyumba munalowa bata. Chotsa mmodzi, mwana iwe.”

“Gogo, sizichotsedwa chisawawa. Sindikudziwa china chimene chikuidalira.”

“Sukulu yonse ija ukuopa kusesa?”

Apa lemba bwino, chifukwa sindidzabwerezanso. Ndinamukakamiza ndine. Lachitatu lonse ndinali naye pakhosi. Ndinati ndinalera bulu, ndinati ndikafera m'ngalande adzandikwirire ndi pepala lake lija. Mantha ndi amene ankalankhula, koma pakamwa panali panga. Lachinayi m'mawa anaichotsa laibulale ya Laxon.

Maiwe! Sikelo inafa. Kani pulogalamu ya sikelo yoyezera zitheba inkatsamira pa laibulale yomweyo. Othyola anabwera kumunda ndi makireti pamutu, mzere mpaka pageti, dzuwa likuswa mtengo, zitheba zikufota anthu akuona. Azimayi amene ndinawasambitsira ana awo anatukwana mtundu wathu wonse. Wina anakuwa kuti, “Gogo Halima, mdzukulu wanu anaphunzira kupha masikelo?” Ndinamuyankha za mwamuna wake, zimenezo usalembe.

A Clemence analowa thukuta lili kamukamu. “Nhai Ruksana, waitei? Wachita chiyani?”

Mwanayo anathamangira pakompyuta. Kani anali ndi nzeru kuposa agogo ake. Sanaitaye laibulale ija, anangoisunthira pambali. Anaibwezera, sikelo inadzuka, koma makireti asanu ndi limodzi anali atapita kale kwa nkhumba. A Clemence sanakweze mawu. Anayang'ana ine, osati iye, n'kunena kuti, “Ambuya, muyambe kulongedza. Mawa masana ndikuimba foni ku Harare.”

Ndinabwera kuno n'kumanga mapoto m'chitenje. Ndinayang'ana khoma limene a Rashidi anamata ndi manja awo, mtengo wa pichesi umene Ayub anabzala. Munthu ungamange pichesi m'chitenje? Ndinapita kumabulugamu, ndinaima kunja kwa mpanda n'kuwauza a Rashidi kuti, “Mwaona? Munakwatira wolakwika, lero wakutayitsani ndi nyumba yomwe.”

Madzulo dzuwa lisanalowe Ruksana anabwera, anakhala pakhonde osandiyang'ana. Ine kupepesa sindinaphunzire. Ndinangomuikira tiyi pafupi.

Patapita nthawi anati, “Chondipweteka n'choti ndinachiuza kale chomangiracho keyala yonse. Kuti pepala tenga apa, laibulale tenganso pomwepa, nyumba imodzi. Koma chikubwererabe kwa yakale.”

Ndinati, “Ndi a Sixpence amenewo. Anthu anawauza ukwati usanachitike kuti mwalakwitsa khomo. Iwo amvekere, ndinafunsa kale, sindifunsa kawiri. Mutu ngati mwala wa ku Mutorashanga.”

Anaika kapu pansi. “Anafunsa kale,” anatero, ngati akulankhula ndi nkhuku. Iye akuti anali ataziganiza kale yekha panjira. Iwe lemba zimene ndikunena ine.

Lachisanu m'mawa ndinapita naye, ndinakhala pakireti pakona ndi tasibihi yanga. Anandiuza kuti chomangira chija chikafufuza koyamba chimasunga mayankho, ndiye ukachiuza zatsopano chimangoyang'ana m'kathumba kake kakale. Anakhuthula kathumbako. Analembanso keyala yonse ya laibulale yatsopano, ya pepala ndi ya mwiniwake, n'kuuzanso sevayo kuti tsiku lililonse ikadzuka izikagogoda khomo lomwelo. Yakale sanaikhudze. Kenako anadina.

Linthumbu linayamba kuyenda. Ine kuwerenga sinditha, koma kuima ndimakudziwa, ndiye ndinkangodikira njo uja. Ndinamaliza tasibihi, ndinayambanso. Panja amuna anayamba kudutsa ndi zisoti zoyera kupita kumzikiti. A Clemence anaima pakhomo, foni ili kale m'manja, chala chili pa nambala ya ku Harare. Ndinalonjeza Mulungu kuti ndisiya kutukwana. Amandidziwa, sanandikhulupirire, koma anamva chisoni.

Tizilembo tinaima. Mtima wanga unaimanso. Ruksana anati, “Gogo, uku ndi kuima kwa kumaliza.” Anadinanso, n'kuuza a Clemence kuti atsegule foni yawo. Panatuluka nambala, akuti sikisi, kuzizira kwa chipinda cha zitheba. A Clemence anapita okha kukaona pachitseko cha chipindacho. Sikisi yemweyo. Anaika kireti pasikelo, sikelo inayankha.

Ndinayembekeza kuti anena kuti basa ndi lako. Anakanda m'mutu n'kuti, “Makireti aja sindinaiwale. Miyezi itatu, kenako tiona.”

Miyezi itatu, Vimbai. Umodzi watha kale. Mapoto ndinamasula, koma chitenje chija ndachipinda pafupi ndi chitseko. Ruksana amadzuka m'mamawa, amakayang'ana sikisi wake asanasambe n'komwe. A Halima awiri aja akadali m'makina momwemo, wina akuyeza zitheba ndi kulondera chipinda, wina akugwira zake zakale, aliyense akuitanidwa ndi khomo lake. Ndipo wandiletsa kuponda ku shedi.