Thumba la Pachitseko cha Galimoto

Tsiku limenelo mwera unkawomba mwamphamvu ku Metangula, malata a galaja akulira, mafunde akumveka mpaka kumsika. Ndinapititsa galimoto yanga kwa amakaniko awiri a mainjini a maboti. Swichi yotsegulira magalasi inkafa chaka chilichonse chifukwa cha mvula ndi manja onyowa a ogulitsa usipa amene ndimawanyamula. Tinasankha ya m'boti, yokutidwa ndi labala, ndipo ndinawauza kuti aibise poti okwera asaione.

Nditabwerako kutchalitchi ndinapeza atang'amba thumba la chitenje cha kapulana la pachitseko, limene malemu mkazi wanga anasoka pamanja kuti ndiziikamo buku la mapemphero. Swichiyo anaibowolera pomwepo.

"Bambo, apa ndiye yabisika," anatero wamkulu mwa amakanikowo akuseka. "Kansanza kaja tapukutira girisi."

Kansanza! Galimoto yonseyo inalibe malo ena? Kundidikira n'kufunsa kukanawapweteka chiyani? Ndinatola nsaluyo pansi. Kunyumba ndinaichapa katatu, koma girisiyo sanachoke.

Iwo sankadziwa amene anasoka, ndipo inenso sindinawauze. Panapita milungu ingapo ndisanathe kuwapatsa moni pamsewu. Koma ndinawakhululukira.