Nsapato za Choko zinakagona kwina

Mng'ono wanga timamutcha Choko, chifukwa matumba a mathalauza ake amakhala oyera ngati wagwera mu ufa. Ndi mphunzitsi wa masamu. Ine ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo. Sukulu tinasiyana mwamtendere ndili sitandade sikisi: iyo sinandilire, nanenso sindinailire.

Zaka zitatu zapitazo Choko anaona pa foni kuti kudziko lina akufuna aphunzitsi. Anamufunsa mafunso pa kompyuta atavala tayi kumtunda, kabudula kumunsi, ndipo anthuwo anakhutira ndi mbali imene anaiona. Asananyamuke ndinamuikira soli yatsopano pa nsapato zake zabulawuni, zija anayamba nazo ntchito. Chiyambireni kuvala nsapato, phazi la mwana ameneyu linali lisanapondepo msoko wa munthu wina. Ndimalidziwa ngati chikhato changa. Lamanzere limapondera kunja, motero chidendene chimatha mbali imodzi, ndipo chala chachikulu chimafuna chipinda chakechake.

Atangofika kumeneko, foni ya amayi inasanduka wailesi. Tinamva za kachipinda kake pansanjika yachisanu, ka zenera limodzi loyang'ana khoma la eni ake. Tinamva kuti kumsika amagula poloza ndi chala ngati mwana wosayamba kulankhula, ndipo tsiku lina anathira masupuni atatu a mchere mu tiyi poyesa shuga. Ana a m'kalasi mwake dzina lake linawakanika, ankangomutcha Wamtali, ena n'kumapempha kugwirako tsitsi lake kuti aone ngati ndi lenileni. Sabata yoyamba anakwera basi yolakwika, inakamutula komalizira, kumene kunali manda ndi fakitale ya matayala basi. Iye ankasimba akuseka, amayi n'kumaseka mpaka kupukuta misozi.

Sukulu zikatsekera, zithunzi zinkagwa ngati matalala. Choko m'sitima, mutu atatsamiritsa pazenera ngati munthu wa maganizo. Choko pamwamba pa phiri atavala jekete lonenepa ngati matiresi. Choko pa boti. Pamenepo ine ulendo wanga wautali unali wokagula guluu kutauni.

"Abambo, taonani alamu!" ankatero mkazi wanga, foni ataiika pamphuno panga. "Ali pamwamba pa mitambo!"

"Mitamboyo akabwera atitengereko, tidzaanikepo zovala."

Ndinkayankha osadzutsa mutu. Koma iye akangotembenuka ndinkatenga foniyo n'kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Ena ankaona phiri, ine ndinkayang'ana pansi. Zabulawuni zija zinalipo pachithunzi chilichonse, ndipo mtima unkakhalako pansi. Sitima sindinaikwere, koma ulusi wanga unakwera. Chaka chinatha, chachiwiri chinatha, nsapato osayasama. Makasitomala anga anatopa nayo nkhaniyi. Munthu akangobwera ndi patapata woduka, ndinkayamba ndamuonetsa phiri.

Chaka chachitatu anabwera kutchuthi. Tinasonkhana kwa amayi. Amayi analandira juzi, mkazi wanga mpango, ine wotchi imene inkanenabe nthawi ya kumeneko. Mapazi anali atamutupa m'ndege, ndiye anavula nsapato n'kuziika pambali pa mpando. Ndinazitola kuti ndizipatse moni, poti kwa ine ndi ana anga. Ndinazitembenuza.

Soli sinali yanga.

Msoko wake unali waung'ono, wofanana ngati mano a chipeso. Koma chimene chinandilasa kwenikweni n'chakuti chidendene chamanzere anachikweza pang'ono mbali yakunja. Munthu ameneyo phazi la mng'ono wanga anali atalidziwa.

"Choko, nsapatozi zinakagona kuti?"

"Zatani, achimwene?"

"Usandiyese mwana. Dzanja ili ndi la ndani?"

Anakanda m'mutu. "Pali mdala wina pansi pa masitepe a nyumba imene ndimakhala. Ali ndi kamalo kake kosokera."

"Mdala."

"Soli yanu inatha miyezi isanu ndi itatu yokha, achimwene. Kumene kuja ndimayenda kwambiri."

Miyezi isanu ndi itatu! Ndiye kuti zaka ziwiri zonse ndinkanyadira thukuta la mwamuna mnzanga.

Mwana wopanda manyazi uja anapitiriza. Akuti tsiku limenelo kunali mvula, anafika kwa mdalayo akukoka phazi. Chilankhulo sankamvana, koma mdala anamukankhira kampando n'kumupatsa tiyi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse amatsika ndi makope a ana, n'kumachonga atakhala pa kampando kaja, monga ankachitira pa kreti yanga pakhonde. Mdalayo ndi amene anamuphunzitsa kuwerenga manambala a kumeneko, basi yoyenera kukwera, ndi mawu okanira mtengo kumsika.

"Umamutcha ndani?" ndinafunsa.

Anayang'ana kudenga.

"Ndafunsatu."

"Ndi mawu a kumeneko. Tanthauzo lake... ngati achimwene."

Mkazi wanga anaomba m'manja. "Abambo, pepani! Mwalowa mitala osadziwa!"

"Musamuvute mwana," anatero amayi, koma nawonso phewa likugwedezeka. "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa."

Ndinaseka nawo, poti ine ndiye kaseketsa wa pabanja. Koma kunena zoona, phiri ndinali nditamukhululukira, sitima ndi boti zomwe. Kampando kaja ndiye kanandikhala pakhosi. Munthu angathe kukhala ndi aphunzitsi khumi, mabwana khumi, koma wosoka nsapato amakhala mmodzi, ndipo achimwene ake a Choko ndinkadziwa kuti ndine.

M'mawa mwake ndinanyamula nsapato zija kupita nazo kukhonde. Ndinavala magalasi n'kuyamba kusaka cholakwa. Ndinapinda soli, ndinakoka ulusi, ndinanunkhiza ngakhale guluu wake. Mpaka dzuwa kufika pamutu, cholakwa osachipeza. Mdalayo ndi mmisiri, Mulungu amukhululukire. Ndiye ndinatenga mpeni n'kumasula msoko wonse wa nsapato yamanja, ndinaisokanso ndekha, n'kutseka ndi mfundo yanga imene imabisala mkati, yosaoneka mutu kapena mchira. Nditagwira yamanzere kuti nayonso ione zomwezo, Choko anatulukira atavala masilipasi a amayi, n'kukhala pa kreti.

Anayang'ana ulusi wa mdala uli mbwee pansi. Sanakalipe.

"Mukudziwa, achimwene, tsiku limene mdala uja ankachotsa soli yanu ija anaimitsa kaye ntchito. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mfundo yanu yomalizira. Anaitana mkazi wake kuti adzaone. Kenako anandifunsa ndi manja kuti anasoka ndani."

"Unati chiyani?"

"Ndinamuonetsa chithunzi chanu. Anakachitsukitsa. Chili pakhoma pake, pafupi ndi kalendala."

"Chithunzi chiti?"

"Chija muli ndi timisomali pakamwa."

"Pa zithunzi zonse! Ndiye kuti ulusi wanga wakwera ndege, nkhope yanga yakwera ndege, mwini wake ndili pano ndi ntchentche."

Ndinauika pansi mpeni. Yamanzere ndinangoipaka polishi, monyinyirika.

"Tenga. Yamanja ndi yanga, yamanzere ndi ya mkazi wako watsopanoyo. Tione imene idzayambe kuyasama."

Choko anabwerera kuntchito yake. Patapita miyezi iwiri, Loweruka lina masana ndili pakati posoka chikwama cha mayi wina, foni inalira, ya kanema. Inayamba nkhope ya Choko, kenako panabwera kamdala kochepa thupi, ka magalasi omanga ndi ulusi, katanyamula nsapato yamanja ngati khanda. Kumbuyo kwake ndinadziona pakhoma, misomali ili pakamwa.

"Achimwene, akuti moni. Akupempha muwaonetse mmene mumamangira mfundo ija. Ayesa kasanu, yawakanika."

Kasanu! Mawu amenewo ndinawamva kukoma kuposa wotchi ija.

Ndinatsamiritsa foni pachitini cha guluu. Ndinatenga kachikopa ndi singano, n'kuyamba pang'onopang'ono ngati mphunzitsi weniweni. Kulowetsa, kuzunguliza kamodzi, kuzunguliza kachiwiri. Mdala ankagwedeza mutu, mphuno itatsala pang'ono kuboola galasi. Pofika pomalizira penipeni, chala changa chachikulu chinapezeka chaphimba kamera.

"Netiweki yavuta," ndinatero.

"Achimwene, ndi chala chanu icho!"

Nditachotsa, mfundo inali itamangidwa kale. Mdala anandiyang'ana, kenako anaphulika kuseka, mano atatu onse panja, akundiloza ndi singano. Pamenepo sipanafunike womasulira. Nayenso akanachita chimodzimodzi.

"Uwauze kuti mfundo yomaliza imamangidwa kuno," ndinatero. "Aliyense woifuna azibwera ndi mapazi ake. Iwenso wamva?"

"Ndamva, achimwene. Tchuthi chikubwerachi."

"Osati phiri?"

"Osati phiri."

Asanadule foni, Choko anadzuka kuti atsanzike, ndipo ndinakaona kampando kaja. Kali ndi khushoni! Zaka zonsezi mwana wa amayi anga ndinkamukhazika pa kreti ya mabotolo, akadzuka matako ali mizeremizere ngati kope la masamu.

Tsiku lomwelo ndinasoka khushoni ya chikopa chofewa, yokhuthala kuposa ya mdala, n'kuimangirira pa kreti. Makasitomala akafuna kukhalapo ndimawauza kuti pali guluu. Mkazi wanga akuti ndikudikira ngati mkazi wamkulu. Anene zimenezo. Chithunzi cha dzulo ndachikulitsa kale: yamanzere yayamba kakhwinya pafupi ndi chala. Mkazi wangayo akuti ndi mthunzi chabe, koma za nsapato akudziwapo chiyani?