Mafuta a Nkhumba pa Golo

Dzulo ndikudutsa pa Lirangwe, fungo la nyama ya nkhumba pa chiwaya linandiimitsa. Mtima unabwerera ku sekondale, chaka chimene ndinali goloboyi.

Aphunzitsi athu a masamu ndiwo ankatiphunzitsa mpira. Anatitola tisakudziwa kanthu, n'kutithamangitsa m'fumbi zaka zitatu, mpira ukang'ambika akusoka okha. Lamulo lawo linali limodzi: "Timu yanga imagwada pamaso pa Mulungu, siyendera zitsamba."

Tsiku lokumana ndi anyamata a ku Chileka, kunamveka mphekesera yoti abwera ndi mankhwala. Anzanga anandinong'oneza kuti mafuta a nkhumba amasukulutsa mankhwalawo. Ndinapaka mitengo yonse iwiri ya golo, n'kupukuta manja m'dothi.

Tinapambana ndi chigoli chimodzi. Aphunzitsi anathamangira ku golo kwanga akufuula, "Ambuye ndi wabwino!" Atandikumbatira anatsamira mtengo, dzanja n'kuterereka. Analinunkhiza, chimwemwe chonse n'kuchoka pankhope.

"Mwana wanga, wapaka ndiwe?"

"Ayi, sala."

"Tandiyang'ana. Ndiwe?"

"Mwina a ku Chileka omwewo, sala."

Atafunsa kachitatu, ndinalumbira mpaka kutchula dzina la Mulungu.

"Basi, ndamva," anatero mofatsa. "Iwe sungandinamize."

Anaitana timu yonse, tinagwada pomwepo pagolo, anzanga odziwa aja ataweramitsa mitu. Aphunzitsi anagwira dzanja langa, lomwe lija.

"Goloboyi, lero utithokozere Mulungu ndiwe."

Ndinatsegula pakamwa. Aphunzitsi anatsinzina, akudikira pemphero langa.