Katoni ya Pambali pa Mabini

Nyumba yathu ku Smethwick inagundana khoma ndi ya agogo ena aamuna omwe ankakhala okha. Anabadwira ku Jamaica, anakulira ku America, ndipo kuno anabwera motsatira mkazi, yemwe anamwalira ife tisanasamukireko. Kwa zaka ziwiri sindinawalankhulepo. Akandipatsa moni, ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Koma m'dayale yanga, buku lolembamo za tsiku ndi tsiku, ndinkawalemba kawirikawiri, makamaka kayendedwe kawo. Pakhomo lililonse ankaweramitsa mutu ndi kukweza mwendo, ngati akudumpha chinthu chimene ife sitikuchiona.

Lachiwiri lina nditaweruka kusukulu, ndinaona katoni pambali pa mabini awo. Inali yosatseka. Pamwamba panali chipewa choyera cha asilikali apamadzi, pansi pake zithunzi. Galimoto ya zinyalala inkabwera Lachitatu m'mawa.

Ndinauza amayi, omwe anali atangofika kuchokera ku shifiti yawo yaunamwino kuchipatala cha New Cross.

"Agogowo anandiuza Lamlungu lija," anatero amayi. "Sitima yankhondo imene anagwiramo ntchito ku America akufuna kuiphwasula. Zija zonyamula ndege, zoyendera nyukiliya."

"Ndiye atayirenji zithunzi?"

"Vala juzi. Tenga paketi ya shuga."

"Amayi, palibe wamwalira."

"Ukudziwa ndiwe? Maliro n'kulirana."

Anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, tinapita. Agogo atatsegula, amayi anati tabwera kudzapepesa za sitima. Tinalowa, ndipo amayi anakhala pansi pa kapeti n'kutambasula miyendo. Nanenso ndinakhala pambali pawo.

"Mipando ilipo, mayi," anatero agogo. "Kapena mwaonamo nsikidzi?"

"Kwathu pamaliro akazi timakhala pansi, bambo."

Anayang'ana paketi ija. "Adokotala anandiletsa shuga. Namwino wamtundu wanji inu?"

"Si wanu. Ndi wa obwera kudzakupepesani."

Kenaka tinangokhala chete, monga amachitira pamaliro. Ndinkamva wotchi yapakhoma ndi mabasi opita ku Cape Hill. Ndinkaganiza za katoni ija ndi mitambo imene inayamba kuda. Palibe amene ankainena. Amayi anali ataweramitsa mutu, ndipo ndinadziwa kuti iwo safunsa kanthu, chifukwa wopepesa safunsa mafunso.

Patapita nthawi, agogo anadzuka kukatereka ketulo. Pakhomo la kukhitchini anawerama, anakweza mwendo.

"Agogo, mumadumpha chiyani?"

Mawuwo anali anga. Anatuluka aang'ono. Agogo anatembenuka, anandiyang'ana, kenaka anayang'ana phazi lawo.

"Ah, kamtsikanaka kamalankhula," anatero. "Ndimatero kodi?"

"Pakhomo lililonse."

Anaiwala za ketulo, anabwerera pampando. Anati m'sitima makomo amakhala ndi chitsulo m'munsi chofika pamsongolo, kuti madzi asadutse. Wachilendo aliyense ankadziwika ndi mabala. Anakwinya buluku kundionetsa zipsera. Anati sitimayo inali ngati tauni, koma iwo ndege sanazikwerepo, ndipo malo a nyukiliyawo sanaloledwe ngakhale kusuzumiramo. Ntchito yawo inali kupala dzimbiri ndi kupenta. Akamaliza khoma, dzimbiri linali litayamba kale kumene anayambira.

"Akuti kuiphwasula kutenga zaka, chifukwa nyukiliya sachita kuithamangira," anatero. "Azidula pang'onopang'ono makoma anga aja. Anzanga a pazithunzi paja onse anatsogola. Ndisungire ndani?"

"Ine ndimalemba," ndinatero.

"Amalemba chilichonse ameneyu," amayi anawonjezera. "Ngakhale inu mulimo."

Ndinalakalaka kapeti atandimeza. Agogo anafunsa ngati ndinawalemba kuti ndi okongola, ndipo ine ndinapukusa mutu ndisanaganize. Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma, anayang'ana pawindo, pomwe madontho anali atayamba kugwa.

"Thamanga, mdzukulu, katenge katoniyo isananyowe. Ubwere ndi bukulo Loweruka. Koma ulembe kuti ndinkayendetsa sitima ndine."

"Ndilemba kuti munkapenta."

Katoniyo inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Chipewa chinali chitanyowa pang'ono, koma zithunzi zinali bwino. Agogo anandidikira pakhomo, atagwira chitseko.

"Samala msongolo," anatero.

Ndinaweramitsa mutu, ndinakweza mwendo, ndinalowa.