Fakitale ya mapale a phada

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinatsegula fakitale yanga yoyamba, ndipo kunena chilungamo pamaso pa Mulungu ndi owerenga, ndi yokhayo imene ndakhalapo nayo. Inali kuseri kwa nyumba yathu ku Domasi, pamwala wathyathyathya umene amayi ankayanikapo mbale. Bwana ndinali ine, wantchito ine, mlonda ine ndemwe. Tinkapanga mapale oseweretsa phada.

Koma ndiyambe ndi chifuwa, poti ndi chimene chinayamba kufika.

Chaka chimene anthu ankakangana za matipate, kwathu kunafika amalume a Fedisoni, alongo awo a amayi. Anali mtchona. Anapita ku migodi ya ku Zimbabwe amayi akadali kamtsikana, ndipo anabwerako ndi sutikesi imodzi, chipewa chokongola kwambiri, ndi chifuwa chouma chosatulutsa kanthu. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu. Anamwa onse mokhulupirika ngati mkulu wa mpingo, chifuwa chili chomwecho. Kenako anayamba kuonda. M'zaka zimenezo mwamuna woonda wochokera kunja sankafunikanso dokotala. Mudzi wonse unkakhala utamuyeza kale.

Amayi anawakonzera kanyumba kakuseri kamene tinkasungiramo madeya, n'kuwapatsa kapu yawoyawo yomangidwa kansalu kofiira pachogwirira. Ine sanandimange kansalu, koma kusukulu zinali ngati andimanga. Atsikana amene tinkapitira limodzi kumtsinje anayamba kudzera njira ina. Pa nthawi yopuma ndinkaima pansi pa mtengo wa bulugamu n'kumaonerera phada ngati woyendera masukulu: manja kumbuyo, nkhope yozama, wopanda womulankhula. Mfumukazi ya phada inali Agnesi, mwana wa a kalaliki, amene ankavala nsapato ngakhale Lachitatu. Iye akati uyu asewere, ankasewera. Za ine sananenepo kanthu, ndipo kusanenako ndiye chinali chigamulo.

Panjira ya ku Songani panali sitolo yakale yopanda mwini. Denga ndi siling'i yake zinali za malata otuwa aja okhala ngati simenti, amene akuluakulu ankati asibesitosi. Mphepo ya mvula yoyamba inagwetsa zonse. Tsiku lina amayi atandituma palafini, ndinatola kachidutswa kathyathyathya pamulupo, popanda cholinga, monga amachitira mwana amene alibe womuyankhula panjira.

Amene sanasewerepo phada sangamvetse zimene ndinapeza. Phale la mphika limasweka. Mwala umagubuduka. Koma kachidutswa aka ukakaponya kankagwa n'kukhala pomwepo, phee, ngati kamva mawu a ahedi. Ndinakanola pamwala wa amayi mpaka kanazungulira ngati bisiketi. Pankatuluka fumbi loyera, ine n'kumaliuzira, fuu, kuti ndione bwino m'mphepete. Linkanunkha ngati choko chonyowa, ndipo linkakhala m'nsidze mpaka posamba.

M'mawa mwake ndinaliponya phale langa pafupi ndi bwalo la Agnesi, ngati mwangozi.

"Iwe Neliya, walitenga kuti limenelo?"

"Timapanga," ndinatero, ngati kampani.

"Undipangire langa. Ukatero uzisewera mbali yanga."

Sabata isanathe ndinali munthu. Maoda ankachokera ngakhale m'makalasi a akuluakulu, ine n'kumabwerera kusitolo kuja kukatola zidutswa zina. Wina ankafuna lalikulu, wina loboola pakati kuti azilimangirira m'khosi. Sindinkalipiritsa. Malipiro anga anali kumva dzina langa likuitanidwa pabwalo. Agnesi anafika mpaka pondilumitsa chigumu chake. Anabenthula mbali imene ndinalumayo n'kundipatsa yonse, komabe chinali chigumu.

Amalume ankakhala pampando pakhomo pa kanyumba kawo, maso kuphiri, ndipo sankayenda popanda chifukwa. Kuchoka pampando kukafika kuchimbudzi unali ulendo wopumira panjira. Choncho masana ena nditaona chithunzithunzi cha chipewa chitagwera pamwala panga, ndinadziwa kuti nkhani yake si yaing'ono.

"Neliya." Anapuma. "Tandipatsa."

Anatenga chidutswa chimodzi, n'kuchithyola, n'kuchikweza kudzuwa. Pothyokapo panali timaubweya toyera, topyapyala kuposa ndevu za chimanga.

"Ukutiona? Ine ndakalamba ndikukumba timeneti. Pomaliza ntchito anthufe tinkakhala mbuu, ngati tagona m'chigayo. Tinkasekana. Ana ankasewera pamulu wake." Anapumanso, nthawi yaitali, dzanja lili pabondo. "Timaubweya timeneti tikalowa m'chifuwa sitituluka. Sitifulumiranso ayi. Timadikira ukule."

Anatulutsa machesi m'thumba la jekete, n'kuyatsa kamtengo kamodzi, n'kutambasula dzanja. "Zimitsa." Ndinauzira kamodzi, kanazima. Anayatsa kena, n'kukabweretsa pafupi ndi pakamwa pawo, n'kuuzira. Lawi linangowerama mwaulemu n'kudzukanso. Anauziranso. Linayakabe mpaka linawatentha chala.

"Onse amene unawapatsa, ukawalande. Onse."

"Amalume, akandichotsa pa phada."

"Akakuchotsa, inde," anatero. Anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera kumpando.

Ndinachita apilo kwa amayi, amene ankasenda chinangwa pakhonde. Sanadzutse n'komwe mutu. "Zimene anena achimwene wazimva." Khoti linathera pomwepo.

M'mawa ndinapita kusukulu ndi jumbo. Ndinaima pakati pa bwalo la phada, pamalo amene ndinawavutikira, n'kunena kuti ndikufuna mapale anga onse, chifukwa fumbi lake ndi limene linadwalitsa amalume.

Agnesi anaseka mpaka anagwira mawondo. "Fumbi! Amayi anga akuti fumbi lakelo linkavala siketi ndi mikanda."

Onse anaseka, ngakhale amene sanamve tanthauzo lake. Ena anandiponyera mapale kumapazi. Ena anati anataya. Agnesi anaika lake m'thumba la yunifolomu n'kulisisita.

"Unandipatsa wekha. Ukasume."

Ndinatolera amene ndinatha kutolera, n'kubwerera ku bulugamu wanga, amene anandilandira popanda mafunso.

Nditafika kunyumba amalume anandiuza kuti ndithire madzi m'jumbomo ndi pamwala ponse. "Chonyowa sichiuluka," anatero. Tinakumba dzenje kuseri kwa nthochi, ine wokumba, iwo kapitawo. Pamene ndinkakwirira mapalewo amalume anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiseka kapena ankakumbukira anthu ena. Sindinawafunse, chifukwa ndinali nditasiya kuwalankhula. Ndinkawapititsira phala, kuika pansi, n'kuchoka ndi ulemu wonse wa munthu wolakwiridwa.

Iwo sanapepese. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinangopeza mabokosi a phada atajambulidwa ndi ndodo pakhomo pa kanyumba kawo, okhotakhota, lina lalikulu ngati munda. Pakati panali phale la mphika wosweka, lonoledwa bwino. Ndinaliyang'ana, ndinawayang'ana. Iwo maso kuphiri.

Chilimwe chonsecho ndinkasewera ndekha, iwo ali woimbira. Ndikaponda mzere ankagogoda ndodo pansi, poti mawu anali atadula. Ndinkapikisana ndi ine mwini ndipo kawirikawiri ndinkaluza. Kumsewu kunkamveka atsikana akupita kumtsinje, ndowa zikugundana, kuseka kukumka kuchepa. Pabwalo pathu pankangomveka phazi langa limodzi, ndodo, ndi kupuma kwawo kuja kokhala ngati munthu akuponda masamba ouma.

Anamwalira chimanga chisanache. Pamaliro azimayi ena ankanong'onezana kuseri kwa zitenje za matenda amene anawapeza kale. Wolalikira anati malemuwa adwala nthawi yaitali, n'kuima pang'ono kuti aliyense amalize yekha mumtima.

Patapita zaka ndinapita ku koleji, kumene ndinakhalako nthawi yokwanira kudziwa kumene kuli laibulale ndi kumene kuli geti. Geti ndi limene linapambana. Koma mulaibulalemo ndinapeza zonse zimene amalume ananena, zitalembedwa m'Chingerezi chachitali: kuti timaubweya tija timaumitsa mapapo, timayambitsa khansa, ndipo timatha kudikira zaka makumimakumi. Ndinawerenganso kuti eni migodi ena ankadziwa kalekale, ndi kuti kumaiko ena odwala anawatengera kukhoti n'kulandira chipepeso. Amalume anga khoti lawo linali mudzi, ndipo linawapeza olakwa pa mlandu wina.

Ine ndikatsokomola kawiri motsatizana ndimakhala chete n'kumadzimvetsera. Womusumira ndilibe, poti mwini fakitale ndinali ine. Agnesi ndinakumana naye ku Zomba chaka china, atanenepa bwino, makiyi a galimoto ali m'manja, osakumbukira phale lililonse. Nthawi yonse imene ankalankhula ndinkamvetsera kupuma kwake. Iye ankaganiza kuti ndikusirira ndolo.

Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti amalume ankadziwa zonse zimene mudzi unkanena. Akanafuna akanaitana anthu pakhomo, n'kuwayatsira machesi aja mmodzimmodzi, kuti ayeretse dzina lawo. Koma mpweya anali nawo wochepa, ankausunga ngati mchere wopempha, ndipo pa dzina lawo sanauwonongepo ngakhale pang'ono. Anaunyamula kuchoka pampando kufika pamwala, n'kuuthera pa mwana amene anawanyanyala chifukwa cha phada.

Mpaka lero ndikayatsa mbaula, kamtengo ka machesi sindikazimitsa pokagwedeza. Ndimatambasula dzanja, n'kukauzira, kuti ndione.