Chidindo Chotayira Mabuku

Ana asukulu amawatcha Anti Chete, chifukwa liwu limenelo ndilo limatuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo zala zawo sizichoka guluu. Pa laibulale ya m'tauni agwirapo ntchito zaka makumi awiri kuchotsapo chimodzi.

Anabwera ndi tsache. Ntchito yawo inali kusesa, kupukuta mashelefu ndi kutsuka makapu. Koma munthu akamapukuta buku lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, mapeto ake amalitsegula. Anayamba ndi manambala a pamsana pa mabuku, kenako anazindikira kuti manambalawo ali ndi mzere wake, kuti za nyenyezi sizigona shelefu imodzi ndi za ulimi. Kalaliki wa pakauntala atapuma pantchito, akuluakulu anati, "Mayi, mungogwirizira pamenepa mpaka tipeze munthu." Munthuyo akumufunabe mpaka lero. Zaka khumi ndi zinayi Anti Chete akhala akugwirizira, kubwereketsa mabuku, kumata ong'ambika, kugwira ana obisa buku m'malaya, koma papepala la kuofesi adakali wosesa.

Mkulu wa laibulaleyo ali ndi dzina lake labwinobwino, koma aliyense amawadziwa kuti a Ndili Panjira. Mukawaimbira foni m'mawa, ali panjira. Mukawaimbira masana, ali panjira. Njira yake ndi ya kumisonkhano ndi kumasemina. Palibe maphunziro a anthu a m'malaibulale amene bambo amenewa sanakakhaleko, ngakhale a kasamalidwe ka mabuku a ana, iwo amene mwana akangotsokomola amatseka chitseko cha ofesi. Masatifiketi adzaza khoma mpaka ena akusowa msomali, koma muwafunse pamene pali dikishonale, ayamba kuyang'ana kudenga.

Chaka chatha kunabwera makalata awiri mwezi umodzi. Yoyamba inachokera kukhonsolo. Inati makadi a m'madirowa akutha, mabuku onse alowa mu kompyuta, ndipo wokhala pakauntala akhale ndi satifiketi ya ntchitoyo. Wopanda pepala abwerere ku ntchito imene anamulembera. Anti Chete anaiwerenga kawiri. Munthu wa zaka makumi asanu, wa zidzukulu, abwerere kukakolopa pansi pa mapazi a ana amene anawaphunzitsa yekha kutsegula buku osaliswa msana.

Yachiwiri inachokera ku bungwe lina lothandiza malaibulale. Linali ndi maphunziro a kompyuta omwewo, a masabata awiri, malo makumi awiri okha, ulendo ndi pogona zonse n'za bungwelo. Pansi pake panali mzere umodzi wachifundo: amene anachitapo kale maphunzirowa asalembenso. A Ndili Panjira anali atachita kawiri.

"Tengani inuyo," anatero bwanayo, ngati munthu wopereka malaya amene amuthina.

Fomuyo inali ya masamba anayi. Anti Chete anayamba aikopera m'kope katatu asanaikhudze ndi cholembera. Amuna awo, telala wa pakhonde la sitolo, anawachotsera nsalu pathebulo lodulira kuti alembere pabwino.

"Apa akufunsa kuti ndikufuniranji maphunzirowa," anatero Anti Chete.

"Lembani kuti mukuthawa tsache."

"Bambo a ana, izi zikupita kwa akuluakulu."

"Nanga akuluakulu tsache salidziwa? Chabwino, lembani kuti mumakonda chitukuko. Onama onse amalemba choncho."

Anti Chete analemba zoona zokhazokha, kuti mabuku a m'nyumba imeneyi amawadziwa lililonse pamene limakhala, ndipo safuna kusiyana nawo chifukwa cha makina.

Chinatsala ndi saini ya bwana ndi chidindo cha laibulale. Apa mumvetse bwino. Mu dirowa ya pakauntala muli zidindo zitatu. China n'cha deti lobwezera buku. China n'chozungulira, chokhala ndi dzina la laibulale. Chachitatu n'chachitali, ndipo chimadindidwa pa buku limene latha ntchito, lodyedwa ndi chiswe kapena lothothoka masamba, lisanakatayidwe. Chili ndi liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti chinthu chachotsedwa. Mwana wa pulayimale wobwera kawirikawiri angazisiyanitse atatsinzina.

Masiku asanu ndi anayi bwana anali panjira. Tsiku lotsekera kulandira mafomu anatulukira masana, galimoto ataisiya ikulira panja, foni ili pakhutu. Anasaina ataimirira, anapisa dzanja mu dirowa maso ali pawindo, phwa pa fomu, n'kuipinda, n'kuilowetsa mu envulopu.

"Bwana, ndione kaye."

"Muonenso chiyani? Simundikhulupirira? Ndikudutsa komweko, ndikasiya ndekha. Muzithokoza, mayi."

Ndipo anathokozadi, mpaka kuwaperekeza pakhomo.

Patapita masabata atatu mndandanda wa osankhidwa unatuluka. Anti Chete anauwerenga kuchokera pamwamba, n'kuuwerenganso kuchokera pansi. Dzina lawo munalibe. Anaimba foni kubungwe kuja, ndipo mayi amene amasunga mafomu anayankha mwaulemu kuti, "Pepani, koma kwanu komweko anakuchotsani. Zalembedwa pafomu."

M'mawa mwake, Lachiwiri, anakwera minibasi, m'chikwama muli buku lakale la masamu lodyedwa ndi chiswe. Mtima unali utawauza kale chimene chachitika. Mayi wa mafomu anatulutsa fayilo, ndipo panali pomwepo. Inki yofiira, zilembo zikuluzikulu, chopingasa pamwamba pa dzina lawo. Anti Chete anatulutsa buku lija, n'kulitsegula pambali pa fomuyo. Chidindo chake chimodzimodzi, mpaka kachilembo komaliza kothyoka mwendo.

Mayi wa mafomu nayenso anagwirapo m'laibulale kale. Anayang'ana buku, anayang'ana fomu, n'kugwira pakamwa, mapewa akugwedera.

"Sekani, achemwali," anatero Anti Chete. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutaya mabuku, lero anditaya ine. Chiswe chandidya pati?"

"Musatero, mayi, mundipha ndi kuseka. Tamverani. Mmodzi mwa osankhidwa watiuza kuti sabwera, ndi woyembekezera, ali pafupi kuchira. Malo akewo ndingakusungireni mpaka Lachisanu masana. Koma ine sindingafufute chidindo cha eni ake. Bwana wanu alembe kalata yovomera kuti analakwitsa, adinde chidindo choyenera. Ikapanda kufika, malowo apita kwa wina."

Lachitatu anawapeza bwana pafoni, atayesa kasanu ndi kawiri.

"Kalata yoti chiyani? Ine ndilembe kuti sindidziwa zidindo za laibulale yanga? Anthu a kubungwe amenewo ndimadya nawo pathebulo limodzi. Ndipo amene amasunga dirowa ija ndani? Si inu? Mumasakaniziranji zidindo? Dikirani chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndidzakhala ndikukolopa, bwana."

"Tikambirana. Ndili panjira."

Madzulo amenewo kunyumba mbale zinalira kuposa masiku onse. Amuna awo anangomvetsera uku akuchotsa ulusi pa buluku la munthu.

"Saini yawo ija n'chingwe chopindika basi. Ine ndingaisoke ndi makina, osayang'ana."

"Ndalowa ndi zoona, ndituluka ndi zoona."

"Ndiye muchita bwanji? Papepala ndinu wosesa, mawu anu safika patali."

Anti Chete anasiya kutsuka. Anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, mpaka telala anadzifunsa ngati walakwitsa.

Lachinayi anatsegula laibulale nthawi yake. Inali nyengo ya mayeso, ana asukulu ali mbwee pakhomo. Anavula magalasi, anamanga mpango kumutu, anatenga tsache kuseri kwa chitseko. Pakauntala anasiyapo kakatoni kolembedwa ndi zilembo zooneka bwino: OFUNA BUKU IMBANI NAMBALA IYI. Pansi pake nambala ya bwana.

"Anti, ndikufuna la sayansi lija lobiriwira," anatero mtsikana wina wa sekondale.

"Ine ndine wosesa, mwanawe. Sayansi yanga ndi fumbi. Imba."

Anaimba. Anzake anaimba. Makolo amene anaperekeza ana anaimbanso, ndipo makolo sayamba ndi moni. Ola lisanathe, galimoto ija inaima panja, a Ndili Panjira n'kulowa thukuta lili kamukamu, tayi ili paphewa.

"Mayi, ndi chiyani chimenechi?"

"Ndikugwira ntchito imene munandilembera, bwana. Takwezani phazi."

Bwana anakweza phazi. Kenako anavula jekete, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, kuti kauntala si ntchito yoopsa munthu wophunzira. Mtsikana uja anapempha la sayansi lobiriwira. Bwana anakoka dirowa ya makadi mwamphamvu, dirowa yonse n'kusololoka, makadi mazanamazana waa pansi. Anti Chete anafika ndi tsache lawo.

"Awa ndisese, bwana, kapena ndi ofunika? Ine sindidziwa."

"Musakhudze!"

Kwa maola awiri bambo wa masatifiketi anazungulira mashelefu ngati mlendo wosochera mumsika. Wofuna mapu anamupatsa buku la kuphika. Wobwereka buku anamudindira deti la chaka chatha. Mzere unafika panja, ana ayamba kuseka poyera, phokoso ngati padepoti, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya nyumba imeneyo panalibe wonena kuti chete. Lilime linkawayabwa Anti Chete, mtima unkawawa kuona mabuku awo akuikidwa chadodolido, koma analuma mlomo n'kupitiriza kusesa pamalo amene anali atasesa kale katatu.

Itakwana thwelofu koloko masana, bwana anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Kalata ija mukufuna inene kuti bwanji?"

"Inene zimene zinachitika."

Bwana analemba, anafufuta, analembanso. Pomaliza kalatayo inati pafomu ya mayiyu panagwera chidindo cholakwika chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Panagwera. Ngati chidindo chili ndi miyendo, chinadumpha chokha mu dirowa. Anti Chete anafuna kutsutsa, koma anakumbukira kuti akufuna malo, osati kulapa kwa munthu. Chidindo chozungulira anakatenga okha, anachiyesa papepala lina kawiri, n'kuchiika m'dzanja la bwana, dzanja lawo lili pamwamba mpaka chitatsika. Envulopu sanapereke kwa munthu. Lachisanu m'mawa mayi wa mafomu anawapeza atakhala kale pasitepe, ofesi isanatsegulidwe.

Maphunzirowo anachita. Masiku atatu oyamba ankamenya mabatani ndi chala chimodzi ngati akupha nsikidzi, koma pofika sabata yachiwiri achinyamata a madigiri ankabwera kudzawafunsa nambala ya buku lakuti, iwo n'kuitchula pamtima kompyuta isanayankhe. Satifiketi anabwera nayo, khonsolo inailandira, ndipo pakauntala palibenso amene angawasunthe.

Kompyutayo inafika mwezi wathawu. Ndi imodzi. Anthu onyamula anafunsa kuti aiike pati, ndipo tsiku limenelo, mwatsoka, bwana analipo. Ili mu ofesi mwawo, pathebulo, ataifunditsa nsalu kuti isalowe fumbi, chitseko chokiya. M'mawa uliwonse Anti Chete amayamba agwedeza chitsekocho, kenako amatulutsa foni.