Timphira Tinayi M'thumba la Kabudula

Ndinabwera kuchokera ku migodi ndi sutukesi yathabwa, nyundo, tchizulo, ndi nzeru pang'ono zimene ndinatola poyang'ana amisiri a zitsulo. Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakakhala kuchikamwini. Munda unali wa apongozi, nkhokwe ya apongozi, ngakhale mthunzi wa mango umene ndinkapumirapo unali wa apongozi. Changachanga chinali chimodzi chokha: makina osendera nsawa amene ndinapanga ndi manja anga.

Ndinadula mgolo pakati, pansi pake n'kuboola timipata tatitalitali. Pamwamba ndinapingasa chitsulo chonyamula mpini wokhala ndi mano a mtengo. Ukathira nsawa n'kumakankha mpiniwo uku ndi uku, makoko ankasweka, nsawa n'kumagwera pamphasa. Ntchito imene amayi ankathera masiku, zala zitatupa, ine ndinkaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Anthu ankabwera ndi madengu kuchokera m'midzi yozungulira, aliyense n'kundisiyira mbale yodzaza. Anasiya kunditchula kuti mwamuna wa uje, ndinasanduka mmisiri.

Koma chinsinsi sichinali mumgolo ayi. Nsawa zathu za chalimbana ndi zikuluzikulu, ndipo mano akatsika kwambiri amaphwanya makoko ndi nsawa zomwe. Ndinavutika miyezi ndithu ndisanapeze nzeru: timphira tinayi todula ku tayala lakutha, tiwiri mbali iyi, tiwiri mbali inayo, pansi pa chitsulo chopingasa chija. Timeneti ndi timene tinkakweza mano. Ndikaweruka ndinkatichotsa n'kutiika m'thumba la kabudula, ndipo nthawi ndi nthawi dzanja langa linkangopita m'thumbamo kukaona ngati tilimo. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze.

Amene ankandidetsa nkhawa anali alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga. Sanali munthu woipa, koma anali ndi maso oyendayenda. Ankabwera n'kukhala pachitsa, fodya ali pakamwa, n'kumati, "Alamu, kanthu aka n'kosavuta, eti? Mgolo, mtengo, basi?" Ine ndinkaseka nawo, dzanja lili m'thumba. Iwo anali mwini mbumba, ine mlendo. Akanapanga makina awo, ndani m'mudzimo akanalambalala mwana wa mwini dothi kubwera kwa mkamwini?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinabwereka njinga kupita ku boma ku Katete, chifukwa ku migodi ndinamvapo kuti azungu ali ndi pepala loletsa munthu kubera nzeru za mnzake. Kalaliki amene ndinamupeza anandimvetsera mwaulemu, kenako anavula magalasi.

"Bambo, mapepala otere alipo, koma amalembedwa kutali, ku Halale. Pamafunika zojambula, pamafunikanso loya. Nanga mukufuna kuletsa ndani?"

"Alamu anga."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine sindinaone choseketsa.

Nditafika kumudzi madzulo ndinapeza alamu atagwada pa makina anga, luzi lili m'manja. Ankayeza apa n'kumanga mfundo, kuyeza apo n'kumanga mfundo ina. Ndinaima kuseri kwa khola la mbuzi, dzanja lili m'thumba. Timphira tonse tinayi tinali momwemo, ndiye kuti ankayeza makina otsika mano. Ndinene zoona pano poti ndakalamba: ndinasangalala. Ndinati mumtima, yezani alamu, yezani bwinobwino.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Patapita masabata angapo makina a alamu anatha, opaka utoto wobiriwira, okongola kuposa anga. Tsiku lomwelo mkazi wanga anandiuza akusesa pakhomo kuti apongozi aganiza zoti mbewu yonse ya chaka chimenecho ikasendedwe kwa mwana wawo. Mbewu ya apongozi inali mbewu ya banja lonse. Ankasankha okha nsawa zonenepa pokolola, n'kuzisunga m'kankhokwe komata, ndipo mvula ikayandikira ankagawira ana awo onse, ifenso tili momwemo. Nsawa yogawika pakati simera, zimenezo ngakhale mwana amadziwa.

Apa ndiye panagona vuto. Kwathu mkamwini sayankhulana ndi apongozi aakazi maso ndi maso. Mukakumana panjira umapatukira kutchire. Mawu onse amadzera kwa mkazi, ndipo mkazi wanga sanali womeza nkhani yosatafuna. Akanafunsa kuti ndadziwa bwanji kuti makinawo aphwanya mbewu, ndipo ndikanayenera kutulutsa za m'thumba. Kupita kwa alamu kunali chimodzimodzi, kuwapatsa ndi manja anga chinthu chokhacho chimene chinandisandutsa munthu m'mudzimo. Masiku atatu ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinkadzinamiza kuti ayamba ayesa ndi mbale imodzi, aona, aleka. Munthu wanzeru aliyense amayesa kaye.

Tsiku lachinayi ndinalimba mtima kuti ndikabwera kodula nsungwi ndiwauza alamuwo. Pobwerera ndinamva phokoso ndikadali kudambo, kwee, kwee, ndi ana akuimbira m'manja. Ndinaponya nsungwi pansi n'kuthamanga. Alamu sanayese ndi mbale. Anafuna kuonetsa mudzi wonse kuti makina awo ndi achangu kuposa a mkamwini, ndiye anyamata awiri ankathira madengu motsatizana, iwo akukankha mpini, thukuta kamukamu. Pamphasa panali mulu wa makoko osakanikirana ndi nsawa, ndipo panalibe amene anali atapeta kuti aone. Dengu lotsiriza linali litalowa kale.

Mkazi wanga ndiye anatenga lichero. Anapeta kamodzi, kawiri, n'kuima. Ana anasiya kuimba m'manja. Apongozi anasendera pafupi, natapa ndi dzanja, n'kumayang'ana zidutswazo nthawi yaitali. Zamphumphu zimene tinasankhamo sizinadzaze n'chipande chomwe. Alamu anakhala pansi m'fumbi, akungobwereza kuti, "Komatu ndinayeza. Alamu, ndinayeza zonse." Ankandiyang'ana ine, ngati munthu amene angawathandize kumvetsa.

Mawa lake mkazi wanga anapita kumtsinje ndi zochapa. Chifukwa cha kusokonezeka mutu ndinaiwala kukhuthula m'thumba. Atabwera anayala timphira tija pakhonde, tinayi, tonyowa, n'kukhala pambali pake. Anali atandionapo ndikutulutsa dzanja pansi pa chitsulo chija tsiku ndi tsiku, ndipo sanafunikire womasulira.

"Bambo a mwana, tinali m'thumba mwanu nthawi yonseyi?"

Ndinavomera ndi mutu.

Sanauze amayi ake, sanauzenso mlongo wake, ndipo sanandikalipire. Mvula itagwa, minda ya nsawa ya banja lathu tinangobzalamo khobwe wopempha kwa anansi. Zophwanyika zija apongozi anazigawa mofanana kwa ana awo onse, monga ankagawira mbewu, kuti zisaonongeke. Mkazi wanga ankazisinja, ndipo dzinja lonse limenelo ankandiikira ndiwo zotendera, lero nkhwani, mawa chisoso, mkuja nkhwani. Ndinkadya, nanga ndikanakana bwanji? Ndinadya mbewu ya apongozi mpaka inatha.